63 kuchotsa 73

Mayi anga anamwalira mu June 2022 pa msewu wa Zalewa cha ku Chirimba kuja, ndipo sanapite okha ayi, anapita ndi kamdzukulu kawo ka zaka 5, mwana wa chemwali wanga. Ankachokera kumsika madzulo, dengu pamutu mwana kudzanja, akuyenda m'mbali mwa msewu mmene amayendera wina aliyense, ndiye minibasi ina pothamangira kupitirira lole inasiya tala n'kuwapeza konko. Mwana anathera pompo. Mayi anafika nawo kuchipatala koma sikunawachere.

Za ngoziyo ndilekera pomwepa, aliyense mu Blantyre muno ali ndi yake ndipo sindikufuna kukutosani pabala. Chomwe chikukanika kuchoka mmutu mwanga ndi zomwe zinabwera pambuyo pake, nkhani ya chipukuta misozi, makamaka masamu omwe ndinawaona ndi maso angawa akulembedwa papepala mu ofesi ya loya wina mtauni. Kuyambira tsiku limenelo ndikamva kuti galimoto yagunda mwana kapena nkhalamba mtima umandiwawa kawiri, poti ndimadziwa zomwe abale ake akukauzidwa.

## Pa siwa

Mwini minibasi sanabwere yekha, anatuma anthu. Ndisaname, anachita zooneka ndithu, mabokosi awiri, matumba a ufa, nkhuni, komanso lole yotinyamula kupita kumudzi ku Chiradzulu. Nthawi ngati imeneyo mutu sugwira, ukangoona kuti bokosi lapezeka umangothokoza basi. Usiku woti mawa lake tinyamuka anthu aja anatiitanira kuseri kwa nyumba, ine ndi amalume anga, n'kutulutsa envelopu ndi pepala lotayipa kale, akuti tingosayina kuti chipepeso talandira ndipo nkhani yathera pomwepo.

Amalume anali atagwira kale cholembera. "Mwanawe, madzi akatayika saoleka. Anthuwa adzichepetsa, tisaoneke ngati tikugulitsa mitembo."

Anatiletsa ndi mayi wina wa Mvano, mnzawo wa mayi anga, yemwe anagwirako ntchito ya mu ofesi asanapume. Ankangodutsa ndi ndowa ya madzi, ataona pepala anaima. "Abambo, pa siwa sasayinirapo kanthu. Chipepesocho landirani ngati chipepeso, pepalalo adzabwere nalo tikaika." Anthu aja anabweza pepala mthumba, envelopu anatisiyira, ndipo pepalalo silinabwerenso.

Pamaliro pomwepo panali mawu awiri omwe ankangobwerezedwa. Kwa ife ana a malemu ankati pepani, koma mayi anakula, akapume. Kwa chemwali wanga ankati limba mtima, ukadali mwana iwe, Mulungu akupatsa wina. Onse ankanena ndi mtima wabwino, zimenezo sindikukayika. Koma tamverani bwinobwino, wina imfa yake ikupepuka chifukwa anakhalitsa, winayo ikupepuka chifukwa sanakhalitse. Sindinkadziwa kuti mawu omwewa ndikawapezanso kutsogolo atalembedwa mmanambala.

## Mlandu wa apolisi si wanu

Apa ndi pomwe ambiri timasokera. Dalaivala anamangidwa, anakaonekera kwa majisitireti pa mlandu wopha anthu poyendetsa galimoto mosasamala, anavomera, analipitsidwa chindapusa. Kumudzi atamva anati chabwino chilungamo chayenda, nanga ndalamazo zifika liti? Sizifika. Chindapusa chimapita kuboma, mlandu umenewo ndi wa boma ndi dalaivala, inu mumangokhala mboni kapena oonerera.

Mlandu wa banja ndi wina, mumasuma nokha. Mumasumira dalaivala, mwini galimoto ndi kampani ya inshuwalansi, paja lamulo la Road Traffic Act limakakamiza galimoto iliyonse yoyenda pamsewu kukhala ndi inshuwalansi ya third party, yolipira anthu ena amene galimotoyo yawavulaza kapena kuwapha, ndipo limalola kuisumira kampaniyo mwachindunji. Komanso nthawi ili ndi malire, zaka 3 kuchokera tsiku la imfa, koma zosumira kampani ya inshuwalansi mwachindunji ndi 2 zokha, zikadutsa chitseko chatsekedwa. Oyamba kutiuza zimenezi anali madobadoba aja ozungulira pafupi ndi mochale ndi timakadi ta maloya, ndipo ine ndinganene kuti awa apeweni, pitani nokha kwa loya mukambirane maso ndi maso za malipiro ake musanasayine chilichonse, kapena ngati mthumba mwauma pitani ku Legal Aid Bureau, ofesi ilipo mu Blantyre momwemuno.

Popeza mwana uja ine ndiye amalume ake, komanso mwa ana a mayi wamwamuna ndine ndekha, zoyendayenda zonse zinagwera ine. Lipoti la apolisi, kalata ya dokotala yonena chomwe chinawapha, ziphaso za imfa, makalata ondipatsa mphamvu yoimira chuma cha malemu. Nditasonkhanitsa zonse mufayilo ndinatenga chemwali wanga tinapita.

## Masamu

Inali ofesi ya pamwamba cha ku Victoria Avenue. Loyayo anali mayi wachitsikana, waulemu kwambiri, anayamba ndi kupepesa maliro, kutipatsa madzi, kenako anawerenga fayilo yonse osathamanga. Ine ndilibe naye chifukwa ngakhale pang'ono, zomwe anatiuza ndi mmene zinthu zilili.

Anati ndalama zomwe tingapemphe zili panjira zitatu. Zomwe tinawononga pamaliro, bola malisiti alipo. Ndalama ya moyo womwe wadulidwa, ija maloya amati loss of expectation of life, yomwe siwerengedwa ndi masamu koma imangotsatira zomwe makhothi akhala akupereka pa milandu ina, nthawi imeneyo inkazungulira cha mma K2 miliyoni. Ndiye yachitatu, yomwe nthawi zambiri ndiyo imakhala yaikulu, thandizo lomwe anthu odalira malemu ataya. Apa ndi pomwe anakoka pepala loyera.

"Mayi ankalandira zingati pamwezi?"

Ndinati sankalandira, ankagulitsa tomato ndi zitumbuwa, komanso ankalima kumudzi.

"Pali polembedwa paliponse?"

Tinayang'anana ndi chemwali. Ndani amalemba za zitumbuwa?

Ndiye anati zikatero makhothi amatenga malipiro otsikitsitsa omwe boma linakhazikitsa, nthawi imeneyo K50,000 pamwezi. Analemba. Kuchulukitsa ndi miyezi 12, K600,000. Kuchotsapo gawo limodzi mwa magawo atatu, lomwe amati malemu akanadya yekha, kutsala K400,000 pachaka. Mpaka apa ndinkatsatira bwinobwino ngati tili mkalasi.

"Tsopano zaka. Anali ndi zaka zingati?"

Mayi tsiku lawo lobadwa sankalidziwa, chomwe ankadziwa n'choti anabadwa chaka cha njala ya 1949, njala ija inapululutsa anthu kuno kummwera, ndipo agogo ankawauza kuti anayamwa bere louma. Polembetsa ziphaso za unzika mu 2017 anangowalembera 1949 yomweyo. Ndiye kuti zaka 73.

Loya analemba 63. Pansi pake analemba 73. Anajambula kamzere ngati mmene timachitira pochotsera, kenako cholembera chinaima.

Anafotokoza kuti khothi limayamba ndi zaka zomwe Mmalawi amayembekezeka kukhala ndi moyo, tiyerekeze 63, kuchotsapo zaka za malemu, zotsalazo n'kuzichepetsanso poti ndalama mukulandira nthawi imodzi komanso za mawa sizidziwika. Nambala yotsalayo ndi imene amachulukitsa ndi K400,000 ija. "Kwa mayiwa mwaona nokha, sizikuchoka. Tikapempha kuti atiganizireko zaka zingapo, mwina 2, mwina 3, zitengera woweruza ndi umboni."

Chemwali wanga, yemwe chilowereni sanayankhule, anafunsa motsitsa mawu. "Ndiye mukuti mayi anapitirira? Anali ndi ngongole ya zaka 10?"

Loya sanayankhe, anangoyang'ana pepala lija. Ine pakhosi panauma. Mayi omwewo amene sabata ya ngoziyo anasenza dengu la tomato kuchokera pa siteji mpaka kumsika, amene mwezi wa May anali kumunda kukolola okha, pepala likuti anayenera kukhala atapita kale 2012.

"Nanga mwana wanga?"

Anatembenuza pepala, kuseri kopanda kanthu kuja, koma sanalembepo. Anati mwana wa zaka 5 palibe yemwe ankadalira iye. Tikhoza kukanena kuti akanakula n'kudzathandiza mayi ake, ndipo oweruza ena amamva zimenezo poti kuno kwathu kholo likakalamba limayang'ana kwa mwana, koma a inshuwalansi adzati n'zongoganizira chabe, ndani akudziwa ngati akanakula, ngati akanaphunzira, ngati akanapeza ntchito, ngati akanakumbuka mayi ake.

Apa chemwali anayamba kufotokoza za mwana wake, osalira ayi, kungofotokoza ngati wina wamufunsa. Kuti anali atayamba sukulu ya mkaka. Kuti ankawerenga mpaka 20 ndi zitsekerero za mabotolo. Kuti kumsika ndi iye ankagwira kachitini ka chenje ndipo sankalola munthu kukagwira koma agogo ake. Kuti usiku sankagona asanamugwire khutu. Loya anamusiya ayankhule mpaka atamaliza, sanamudule, kenako anati, "Mayi, ndakumvani zonse. Koma chisoni chanu lamuloli silichiwerengera, limawerengera ndalama zomwe mwataya."

Kenako anatembenukira kwa ine, ndikuganiza ankafuna ndimvetse kuti vuto si ife. "Mukanakhala inuyo bambo, ndi salale yanu, zaka 41, mkazi ndi ana, pepalali likanadzaza."

Mawu amenewo ndi amene anandisintha. Pa anthu atatufe, ine, mayi ndi mwana uja, wodula ndine, chifukwa choti ndili ndi pepala la salale lochokera ku kampani. Dalaivala yemweyo, liwiro lomwelo, msewu womwewo, koma kugunda agogo ndi kamwana ndi kotchipa kuposa kugunda ine ndekha. Titatsika tinayenda osayankhulana mpaka ku Mibawa, ndipo poti njira ina panalibe tinakwera minibasi.

## 63 ameneyu

Nambala imeneyi inandisowetsa tulo mpaka ndinayamba kuifufuza kuti imachokera kuti. Ndi zaka zomwe mwana wongobadwa kumene amayembekezeka kukhala, ndipo amaipeza pophatikiza onse, omwalira ali makanda ndi omwalira atakalamba. Tengani anthu awiri, wina wamwalira ali ndi chaka chimodzi wina ali ndi zaka 85, pakati pawo mupeza 43, chonsecho palibe mmodzi mwa iwo wafa ali ndi zaka 43. Ndiye kuti nambala ya dziko lathu imatsika kwambiri chifukwa cha ana omwe amafa asanafike zaka 5, malungo, chibayo, kutsegula m'mimba, komanso achinyamata omwe Edzi inawatenga.

Mwaiona nkhaniyo? Imfa za ana ngati wa chemwali wanga ndi zimene zimakokera nambalayo pansi, kenako nambala yomweyo aitenga kukauza agogo kuti inu munapitirira. Munthu amene wafika zaka 73 wadutsa kale zonse zomwe zimapha anthu msanga. Mayi anapulumuka njala ya 1949 ali khanda, chikuku, uchembere wa nthawi imeneyo, njala ya 2002, anaika ana awo enieni mmanda iwo n'kutsala. Akatswiri omwewo owerengera anthu ali ndi matebulo osonyeza kuti wofika zaka 70 amakhala akadali ndi zaka zingapo ndithu kutsogolo, si ziro ayi. Kugwiritsa ntchito nambala ya khanda poyeza nkhalamba ndi ngati kuyeza chimanga cha mnkhokwe ndi mbale yoyezera mbewu.

Mayi awo a mayi anga anamwalira ataona zidzukulutudzi. Ku banja kwathu azimayi amakhalitsa.

## Zinachokera ku England

Mmapepala a mlandu wathu munadzaza mayina a milandu ya azungu, ndiye ndinayamba kuwerenga mmodzimmodzi. Mu 1808, pa mlandu wa Baker v Bolton, woweruza Lord Ellenborough anagamula kuti imfa ya munthu si chinthu chomwe wina angasumire kuti alipidwe. Ndiye kwa zaka zambiri ku England ukavulaza munthu unkalipira, koma ukamupheratu sunkalipira kanthu. Sitima zapamtunda zitayamba kupha anthu ambiri, mu 1846 anakhazikitsa lamulo la Fatal Accidents Act lolola mkazi, mwamuna, makolo ndi ana kusuma, ndipo makhothi anamasulira kuti cholipidwa ndi ndalama zomwe ataya basi, osati kuwawa kwa mtima. Lathu lomwe timagwiritsa ntchito, Statute Law (Miscellaneous Provisions) Act, linatengera kumeneko.

Pa nkhani ya ana pali milandu iwiri yomwe imatchulidwa mpaka lero. Mu 1913, Taff Vale Railway v Jenkins, mtsikana wa zaka 16 yemwe anali pafupi kumaliza kuphunzira utelala anafa pangozi ya sitima, makolo analipidwa poti zinali zoonekeratu kuti posachedwa ayamba kuwathandiza. Mu 1921, Barnett v Cohen, kamnyamata kosakwana zaka 4 kanaphedwa, bambo ake sanapatsidwe kanthu pa thandizo la mtsogolo, akuti n'zongoganizira. Mawu omwe loya anatichenjeza kuti a inshuwalansi adzanena aja ndi a 1921 amenewa. Ndipo mu 1941, Benham v Gambling, mwana wa zaka ziwiri ndi theka anafa pangozi ya galimoto, khothi loyamba linapereka £1,200 pa moyo wodulidwa, akuluakulu a House of Lords, khothi lalikulu kwambiri kumeneko nthawi imeneyo, anatsitsa kufika £200, akuti tsogolo la kamwana silidziwika ndiye ndalama ikhale yochepa.

Chomwe chimandiwawa n'choti eni akewo anasuntha. Mu 1982 anachotsa ndalama ya moyo wodulidwa n'kuikapo ndalama ya chisoni cha oferedwa, poyamba £3,500, ndipo mu 2020 inafika £15,120. Sikuti ndi yabwino kwenikweni, kholo limalandira ngati mwana sanakwane zaka 18, koma mwana woferedwa kholo salandira, ndiye nkhalamba yamasiye kumenekonso imapita osawerengedwa. Komabe anavomereza kuti mayi woferedwa kamwana wataya chinthu ngakhale kamwanako sikankabweretsa khobiri. Ife tikadali pa zakale zija.

Ndipo lamulo limeneli linapangidwa poganizira nyumba ya bambo mmodzi wolandira malipiro kufakitale, mkazi ndi ana akumudikira. Pitani ku Chirimba, ku Mbayani, ku Bangwe mukaone ngati nyumba zimayenda choncho.

## Ntchito ya agogo

Nyumba ya mayi inkasunga ana awiri a malemu mkulu wathu, chemwali wamkulu amene anatisiya 2014. Fizi ya wamkuluyo ku sekondale inkachokera mu zitumbuwa ndi banki m'khonde, ine ndinkangowonjezera. Chemwali wanga wamng'onoyu ankatha kupita kuntchito kushopu ku Limbe chifukwa ana ankawasiya kwa agogo, n'chifukwa chake mwana uja anali nawo kumsika tsiku limenelo. Chaka chilichonse ikafika nthawi yokolola matumba a chimanga ankabwera kuchokera ku Chiradzulu, nyumba zitatu sitinkagula ufa mpaka cha mu December. Wina akadwala, wogona kuchipatala pansi pa bedi anali mayi. Banja likagwedezeka, asanafike ankhoswe ankayamba ndi mayi.

Atapita zonsezi zinaonekera poyera. Ana amasiye aja tinagawana, wina ali kwanga ku Ndirande wina kwa msuweni wathu ku Bangwe, abale a mimba imodzi akuonana patchuthi. Chemwali ntchito anasiya poti mwana wake wotsalayo analibe womusiyira, komanso kunena zoona mphamvu zinamuthera. Munda unagonera, ndipo 2023 chimanga chitakwera mtengo tinkagula cha pa ndowa ngati anthu opanda kwawo. Ndiye wina aziti munthu ameneyu ankadalira ife chifukwa anali wokalamba? Ife ndi amene tinkadalira iye, kungoti thandizo lake silinkadutsa kubanki.

Nditabwerera kwa loya ndi nkhani imeneyi anati zimenezi ndiye zofunika, ntchito zomwe munthu ankagwirira banja lake zili ndi mtengo pamaso pa khothi ngakhale sankalipidwa, koma pafunika umboni osati kungonena. Apa ndikufuna amene muli pa njira yomweyi mumve. Tinapeza kope la banki m'khonde, mayi wa Mvano uja ndi amene ankalisunga, muli dzina la mayi sabata ndi sabata, zomwe ankaponya ndi zomwe ankabwereka. Tinapeza malisiti a fizi mu chikwama chawo cha Baibulo. Tcheyamani wa pamsika anavomera kudzanena kuti benchi lawo linali liti ndipo ankabwera masiku angati. Kumudzi tinawerenga matumba a chaka chomaliza ndi amene anawanyamula pangolo. Zinthu ngati zimenezi zimatayika msanga pogawana katundu wa malemu, kope lina amayatsira mbaula, ndiye zisungeni maliro asanathe n'komwe.

Za mwana panalibe chosonkhanitsa. Kabuku ka kusikelo ndi lisiti la kusukulu ya mkaka, basi.

## Ku khothi ku Chichiri

Poti dalaivala anali atavomera kale kulakwa, mkangano sunali woti ndani analakwa koma zingati. Zimenezi sizikambidwa mu khothi lalikulu lija la anthu ambiri, zimakambidwa mu kachipinda pamaso pa rejisitala (mkulu wa kukhothi amene amagamula kuchuluka kwa ndalamazo), inu, maloya ndi mboni. Mayi wa Mvano anabwera ndi kope lake atalikulunga mu pulasitiki ndipo anayankha mafunso onse osagwedezeka. Loya wa inshuwalansi anafunsa chemwali wanga ngati mwanayo ankamupatsa ndalama iliyonse, chemwali anati ayi, anafunsanso ngati angatsimikize kuti akanamaliza sukulu, chemwali anati palibe kholo lingatsimikize zimenezo ngakhale inuyo. Rejisitala analemba zonse modekha.

Chigamulo chinatuluka 2024. Pa moyo wodulidwa onse awiri anapatsidwa ndalama yofanana. Pa thandizo lotayika mayi anawawerengera zaka zoposa zomwe loya ankaopa zija, ndipo mu chigamulomo kope la banki m'khonde linatchulidwa, ana amasiye aja anatchulidwanso. Mwana anamuikira kandalama kochepa. Titaphatikiza zonse za anthu awiri sizinafike pomwe ikanafika ya ine ndekha.

Kenako panabwera china chomwe sitinkachidziwa bwino. Inshuwalansi ili ndi malire, pa pepala la minibasi ija panalembedwa K5 miliyoni, zopitirira apo mukatenge kwa mwini galimoto, yemwe nthawi imeneyo minibasi anali atagulitsa kale ndipo foni yake sinkapezeka. Komanso kumbukirani kuti mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndiye ndalama yomwe tinayamba kuithamangira mu 2022 pofika mmanja inali itafooka, pomwe malire aja sanasunthe. Kuchotsapo za loya. Zotsalazo tinamangira ziliza ziwiri, fizi ya ana amasiye, ndi kampamba koti chemwali ayambire geni pakhomo.

Kumudzi zoyankhula sizinalephere, akuti adya ndalama za maliro. Amalume mpaka lero amati sizinali zoyenera, ndipo gawo lomwe tinawapatsa anabweza. Ndimawalemekeza ndipo ndikumvetsa chomwe akuopa, kuti munthu asasanduke katundu wa pa sikelo. Koma ine ndimaona mwina. Tikapanda kusuma, amene amapindula si malemu, ndi mwini minibasi amene amauza dalaivala kuti madzulo abweretse ndalama yakutiyakuti zivute zitani, ndi kampani yomwe inalandira ndalama ya inshuwalansi chaka ndi chaka. Ngati kugunda mwana kumathera pa bokosi ndi matumba awiri a ufa, palibe chomwe chingamupangitse munthu ameneyo kukonza mabuleki kapena kuchotsa dalaivala wothamanga.

## Zomwe ndikanakonda zitasintha

Sindine loya, ndine munthu woti ndinakhala pampando uja n'kuona pepala likutembenuzidwa. Koma aphungu athu ndi a Law Commission akanaliyang'ananso lamuloli. Pakhale ndalama yokhazikika ya chisoni, ya kholo loferedwa mwana komanso ya ana ndi zidzukulu zoferedwa amene ankawalera, yosafunsa kuti malemu ankalandira zingati, ndipo izikwera kwacha ikagwa. Poyeza zaka za munthu wamkulu azitenga zomwe munthu wa msinkhu umenewo amayembekezeka kukhala, osati za khanda. Malire a inshuwalansi ya galimoto zonyamula anthu akwere, K5 miliyoni lero sigula ngakhale minibasi yakutha yomweyo.

Ndipo pali dzenje lina lalikulu kuposa lomwe tinagweramo ife. Mwezi wathawu mayi wina wa mdera lathu ku Ndirande anabwera kunyumba madzulo, anamva kuti ine ndinayendapo njira imeneyi. Mwana wake wa sitandade 2 anagundidwa ndi njinga yamoto ya kabaza akuchokera kusukulu, anamwalira patapita masiku ali kuchipatala. Ndinamuuza zonse, asasayine kanthu, atenge lipoti la apolisi, asunge lisiti lililonse, zaka 3 zisadutse. Anamvetsera mpaka kumapeto kenako anati, "Achimwene, njingayo ilibe nambala, ilibe inshuwalansi, woyendetsayo ndi kamnyamata ka zaka 19 kogona kwa azakhali ake. Ndisumira ndani?"

Kamnyamatako njinga si yake, kamapereka ndalama tsiku ndi tsiku kwa mwini wake, bambo wina amene akuti ali ndi njinga zingapo pa siteji yomweyo. Ameneyo ndiye tikumufufuza dzina ndi komwe amakhala, ndipo Lolemba ndikuperekeza mayiyo ku Legal Aid Bureau.